Madisiko Awiri a Dona Palmira

Kompyuta ya Dona Palmira inkadzuka ngati nkhalamba yodwala nyamakazi. Ukangodina batani inkayamba ndi kutsokomola, kenako n'kumakukuta m'mimba, kuru-kuru-kuru, mphindi makumi awiri zathunthu isanavomere kuti kunja kwacha. Chinali chimakina chachikulu, chakuda, cholemera ngati thumba la nyemba. Mwana wawo Telmo ankajambulirapo mapulani a nyumba ali pasukulu, ndipo atapeza ntchito ku Maputo anawasiyira amayi akewo kuti azidyerapo.

Ndipo ankadyerapodi. Dona Palmira anatha zaka makumi atatu akutayipa makalata mu ofesi ina ya boma, kuyambira nthawi ya makina ogogoda aja, ndipo atapuma anatsegula kachipinda kakumaso kwa nyumba yawo ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga. Wofuna rekerimentu, kalata yopempha kanthu ku boma, ankabwera kwa iwo. Wofunsira ntchito, kwa iwo. Anthu ankabwera, inde, koma anthu ake a phuma okhaokha: kulowa, kusiya pepala, kutuluka, njinga yamoto ili chilirire panja. Amuna awo anamwalira kalekale. Nyumbayo inali ya zipinda zinayi, ndipo zitatu zinkangonunkha chinyontho. Madzulo Dona Palmira ankacheza ndi wailesi, nthawi zina mpaka kuitsutsa.

Munthu mmodzi yekha ndiye analibe phuma. Ameneyo anali Che Masudi.

Che Masudi kwawo kunali ku Metangula, kunyanja, koma anatha zaka zambiri akugulitsa usipa wouma pamsika wa ku Lichinga mpaka maso awo atachita ng'ala. Atasiya malonda anangokhala kwa mphwawo ku Namacula, mumzinda momwemo. Mwana wawo wamkazi, Ummi, ankavuta tsiku ndi tsiku kuti abambo ake abwerere kumudzi azikawasamalira. Mkuluyo anakanakana, mapeto ake analumbira.

"Ndimalize kaye kulembetsa mapepala anga. Tsiku lomwe atha, wallahi, ubwere udzanditenge."

Ndipo Che Masudi sanali munthu wotchula dzina la Mulungu lero n'kubweza mawa.

Mapepalawo anali mbiri ya banja lawo: ndani anabereka yani, ndani anaikidwa kuti, ndani anathawira kutsidya nthawi ya nkhondo osabwerakonso. Iwo ankadziwa kulemba zilembo za Chiarabu zokha, za ku madrasa, koma adzukulu awo obadwira m'tauni sankatha kuziwerenga. Ndiye ankanena pakamwa, Dona Palmira n'kumatayipa.

Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi ya seveni, ndodo inkagogoda pageti. Mkulu uja n'kutulukira m'chifunga, majekete awiri, kofia pamutu, mpweya ukufuka m'kamwa. Dona Palmira ankadikira kuti alowe kaye ndiye n'kudina batani. Makina akamakukuta, iwo ankaika ketulo pambaula, tangawizi wambiri, n'kufukula mbatata m'phulusa. Munthu ungatani makina asanadzuke? Umamwa tiyi basi. Ankakamba za kuzizira, za mbuzi ya aneba yodya zovala pachingwe, za mayi wina wa m'kwaya amene ankayamba nyimbo ngati wapondedwa chala. Makina akadzuka, Dona Palmira ankawerenga mizere yomaliza ya dzulo kuti mkuluyo akumbuke pomwe analekera. Akatayipa pang'ono, makina n'kuuma gwa, kambewa osasuntha. Ndiye tiyi wina. Tsiku labwino ankalemba theka la tsamba, tsiku lina mizere itatu. Chaka ndi miyezi iwiri, masamba 61.

Musathamange, sichinali chibwenzi. Mayi wa Katolika wa m'kwaya ndi mkulu wa ndevu zoyera wosaphonya swala kumzikiti, onse mawondo akulira? Ayi ndithu. Kungoti m'nyumba imeneyo kapu yachiwiri inali ndi mwini wake, ndipo Dona Palmira ankagona akudziwa kuti mawa wina adzawafunsa kuti adzuka bwanji n'kudikira yankho. Tinene mosabisa: ankakhalira moyo mphindi makumi awiri zimenezo.

Anasokoneza zonse ndi Telmo, ndipo anasokoneza ndi chikondi. Tsiku lina anaimba foni m'mawa n'kumva phokoso.

"Mama, chikulira n'chiyani? Mwatsegula chigayo?"

"Ndi makina ako omwewa."

"Aaa, Mama! Mukuvutika chonchi osanena? Disiko imeneyo yatha, idzafa tsiku lina ndi ntchito zonse za anthu."

Patangotha milungu iwiri, mnzake wa Telmo amene anabwera pa ndege anasiya kaphukusi pageti. M'katimo munali kanthu kakuda kopyapyala, kopepuka ngati bokosi la machesi lopanda machesi, kawaya kofiira, kaflashi, ndi tiparafuzo tinayi, timisomali topotokola tomangira, m'kapulasitiki. Dona Palmira anakagwedeza pafupi ndi khutu. Zii. Iwo anali ataganiza kuti mwina mwanayo abwera yekha kudzakaika, koma ntchito, mukudziwa, ntchito.

Lamlungu masana, atabwera ku Misa, anatsamiritsa foni pachitini cha shuga kuti Telmo aziona zonse.

"Zimitsani, Mama, muzule chingwe kukhoma. Eya. Tsopano gwirani chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu atuluke."

"Magetsi a m'thupi mwanga? Iii, mwanawe, amenewo anatha kale."

Telmo anaseka, ndipo mtima wa mayiyo unachita myaa. Anamasula maparafuzo awiri akumbuyo ndi nsonga ya mpeni, chitseko cham'mbali n'kutseguka. Koma abale, fumbi! Fumbi lofiira la Lichinga la zaka khumi linali litamanga nyumba m'menemo, pamodzi ndi ukonde wa akangaude ndi nalimata mmodzi wouma amene anafa osalira maliro. Anapukuta ndi nthenga ya nkhuku, akuyetsemula.

"Mukuchiona chitsulo chokhuthalacho? Ndiyo disiko yakale. M'kati mwake muli timbale tozungulira ndi kasingano kofufuza, ngati galamafoni ya agogo. N'chifukwa chake imachedwa. Yatsopanoyi mulibe chozungulira, imangokumbuka basi."

"Ndiye yakaleyi tiitaye?"

"Ayi, isiyeni pomwepo. Tikungowonjezera."

Malo oikapo anali aakulu, kanthuko kakang'ono, moti maparafuzo awiri okha ndiwo anagwira. Telmo anati zilibe kanthu, sikagwedezeka. Kawaya kofiira kanavuta. Kukamwa kwake kunali kokhota mbali imodzi, ndipo Dona Palmira anayesa chadodolido kawiri konse.

"Musakakamize, Mama! Tembenuzani. Kakalowa bwino kalira kuti tha."

Kanaliradi kuti tha. Analumikiza mbali inayo pa bolodi lalikulu lobiriwira, n'kupeza chingwe china chamagetsi chimene chinkangolendewera, nachilowetsa. Kenako anatseka bokosi, nalowetsa kaflashi, nayatsa. Telmo ankawauza podina, iwo n'kumadina, mpaka pagalasi panatuluka kamzere kobiriwira kosonyeza kuti zonse za mu disiko yakale zikukoperedwa mu yatsopano.

"Zitenga ola ndi theka," anatero Telmo.

Dona Palmira anakonza mpando bwinobwino. Ola ndi theka ndi mwana wawo! Anali ndi zambiri: denga la kukhitchini, mwana wa mnansi wawo a Dionísio amene anakwatira, bondo lakumanzere.

"Ndiye ndiimbanso ikamaliza, Mama. Ndikaperekeze ana kaye."

Foni inathima. Mayiyo anakhala ola ndi theka akuyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa ngati nkhono, kunja mphepo ikulira m'mitengo ya paini.

Telmo anaimbadi. Anawalowetsa m'malo ena a zilembo zoyera pagalasi labuluu, n'kuwauza kuti aike disiko yatsopano patsogolo kuti makina azidzukira imeneyo.

"Ikadzavuta tsiku lina, mukangoyatsa muzidina F12. Patuluka mayina awiri, wapamwamba ndi yatsopano, wapansi yakale. Koma mumve bwino, Mama: kuyambira lero zimenezi ndi nyumba ziwiri. Zomwe mwasunga m'nyumba ina simukazipeza m'nyumba inayo."

"Ndamva," anatero Dona Palmira. Koma anamva theka. Maso awo anali pa imvi zitatu zimene zinamera pamwamba pa khutu la mwana wawo iwo osadziwa.

Lolemba ndodo inagogoda pageti. Dona Palmira anadina batani, natembenuka kuti anyamule ketulo. Asanaifikitse n'komwe pambaula, kumbuyo kwawo kunalira kanyimbo kosonyeza kuti makina adzuka. Anacheuka. Galasi linali ngwee, zonse zili m'malo, kudikira.

Che Masudi anali asanatsamiritse ndodo kukhoma. Anapendeketsa mutu.

"Yadzuka?"

"Yadzuka."

"Popanda kutsokomola?"

"Telmo watumiza mtima watsopano."

"Mashallah," anatero mkuluyo, koma mawu ake anatuluka ofooka. Anakhala pansi, manja pamawondo. Anali munthu waulemu wakale, woti sangakhale n'kumapsontha tiyi makina a mwini ali chiyakire, akudya magetsi. "Basi, tisawadikiritse. Tinalekera pati?"

Tsiku limenelo analemba masamba asanu. Makina sanaume ngakhale kamodzi. Tiyi anazizirira m'makapu, pamwamba n'kuchita kakhungu. Lachiwiri masamba anayi. Za mbuzi ya aneba palibe anazitchula.

Lachitatu anafika pamalo pamene Che Masudi anakhala akupazungulira miyezi itatu. Kale akayandikira pamenepo makina ankauma, iwo n'kupuma mozama, n'kunena kuti, "Mwaona, nawonso atopa. Tione mawa." Tsopano pothawira panalibe. Kamzere kakuda kankangophethira pagalasi, kudikira mawu otsatira. Ndiye ananena.

Ananena za chaka chimene nkhondo inafika kumudzi kwawo, za ngalawa imene inadzaza anthu mpaka madzi kufika m'milomo mwake, ndi za mwana wawo woyamba, Abacar, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene anakwera ngalawayo thupi likutentha. Mwanayo anamwalira ali pamiyendo pawo asanafike kutsidya. Anamuika m'munda wa chinangwa wa munthu wosamudziwa, wopanda nsalu yoyera, atamukulunga m'malaya a bambo ake. Ummi anabadwa pambuyo pake, ndipo mpaka lero sankadziwa kuti mchimwene wake anagona pati. Zinatenga masiku atatu, masamba khumi ndi anayi. Misozi inkatuluka m'maso oyera aja n'kulowa m'ndevu, ndipo Dona Palmira ankatayipa osayang'ana kumbali, chifukwa kumeneko ndiko kulemekeza munthu wamkulu akamalira.

Lachisanu atamaliza, mkuluyo anapukuta nkhope ndi kofia.

"Zatuluka, Dona. Zaka zonsezi. Sindidzazinenanso, alihamdulillah." Anaimirira, nafufuza ndodo. "Zatsala n'zopepuka: kubwerera kwathu ndi mayina a adzukulu. Ndi makina anu atsopanowa, milungu iwiri tathana nazo. Ndamuuza kale Ummi kuti azikonzeka."

Milungu iwiri.

Loweruka Dona Palmira anachapa makatani amene sanali akuda. Lamlungu ku Misa anangotsegula pakamwa, mawu osatuluka. Masana Telmo anatumiza uthenga wa mawu awiri, "Ikuthamanga, Mama?" Iwo anayankha kuti ikuthamanga, wachita bwino mwanawe. Kenako anakhala m'kachipinda kaja akuyang'ana chibokosi chakudacho, ndipo anachida. Inde, anadana ndi kanthu kopepuka kaja ngati mmene umadera mlendo wobwera kudzatenga mwana wako. Anawerenga pa zala: masiku khumi, ndipo pambuyo pake kapu imodzi mpaka tsiku lomwe adzawanyamule kupita nawo kumanda.

Lolemba, ndodo itagogoda, anadina batani, chala china n'kuthamangira pa F12. Mayina awiri anatuluka. Anasankha wapansi.

Makina anatsokomola. Kuru-kuru-kuru.

Che Masudi anaima pakhomo, mutu chopendekera.

"Yayambiranso?"

"Yayambiranso," anatero Dona Palmira, nkhope ataloza kumbaula. "Zinthu za masiku anozi, Che Masudi, kukongola kokha."

"Hee. Ndiye titani nanga? Tidikire basi."

Anatsamiritsa ndodo, nakhala, nalandira kapu ndi manja awiri. Aa, mphindi makumi awiri zimenezo zinakoma! Mbuzi ija inali itadya kabudula wa mwini wake weniweni. Mkuluyo anaseka mpaka kutsamwa, Dona Palmira n'kumuwomba pamsana ndi nyuzipepala. Bodza lawo linali pakhosi ngati kamunga ka usipa, koma analimeza ndi tiyi.

Makina atadzuka, anatsegula mbiri ija, natsikira kumapeto monga mwa masiku onse, nayamba kuwerenga.

"'Ndiye titafika padoko m'mawa umenewo, mkazi wanga anandigwira mkono n'kunena kuti...'"

Anaima. Panalibenso china.

"Ayi, Dona, pamenepo tinadutsa kale," anatero Che Masudi. "Tsikani m'munsi."

M'munsi munalibe kanthu. Pakona pa galasi panalembedwa kuti tsamba 61. Mawu a Telmo aja, theka lija sanalimve, anafika tsopano onse: nyumba ziwiri. Masamba makumi awiri ndi atatu a mlungu wathawo anali m'nyumba inayo, ali bwinobwino. Kungozimitsa n'kuyatsanso, basi, akanawapeza.

"Dona? Mwakhala chete bwanji?"

"Sindikuwaona."

"Atayika?"

Apa ndiye pamene Dona Palmira anachimwa, ndipo anachimwa akudziwa. Mutu wawo unawerenga wokha, mofulumira kuposa makina alionse: masamba makumi awiri ndi atatu, theka la tsamba pa tsiku, ndiye kuti pafupifupi miyezi iwiri. Miyezi iwiri ya ndodo pageti, kuwonjezera pa zotsala zija.

"Zikuoneka choncho," anatero.

Che Masudi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangovula kofia, naiyang'ana ngati akuiona, naivalanso.

"Ndi za Abacar zomwe?"

"Zonse za mlungu watha."

"Mulungu ndiye mwini," anatero. Anaimirira ngati wasenza thumba. "Lero ndilibe mphamvu. Ndibwera mawa."

Tsiku lonselo mayiyo analakwitsa makalata a anthu, chinthu chimene sichinachitikepo. Anadziuza kuti mawa anena zoona. Anadziuzanso kuti mwina kunena kachiwiri sikupweteka ngati koyamba. Munthu akafuna chinthu, zifukwa sizisowa.

Lachiwiri ndodo inagogoda mochedwa. Chala chija chinapitanso chokha pa F12. Makina anakukuta mphindi zake makumi awiri, koma m'chipindamo munalibe nkhani. Che Masudi anafumbata kapu osaifikitsa pakamwa. Nkhope yawo inali itagwa, ndipo jekete lam'kati anali atalivala chakunja.

"Werengani pomwe tinalekera," anatero makina atadzuka.

Dona Palmira anawerenga.

"Anati, mwanayu akutentha, tidikire mawa," anayamba mkuluyo. "Ine ndinati, mawa kulibe ngalawa. Ndinamunyamula ndine. Lembani choncho, ndinamunyamula ndine. Titafika pakati pa madzi anatsegula maso n'kundifunsa, Baba, tafika? Ine ndinati..."

Mawu anathera pomwepo. Pakamwa pankayenda, koma sipankatuluka kanthu. Tiyi anatayikira pa thalauza, iwo osamva n'kutentha komwe.

"Ndinati... Pepani, Dona. Ndipatseni kanthawi. Ndinena. Ndinalonjeza ana."

Dona Palmira anayang'ana mizere itatu imene anali atangotayipa. Kenako anachita chimene sankachita chiyambire, anayang'ana kumbali, namuona munthuyo. Manyazi anawagwira, manyazi enieni, oti sungathe kuwameza ndi tiyi. Sanasunge mizere ija. Anazimitsa makina, mkokomo uja n'kutha pang'onopang'ono mpaka zii. Anayatsanso, manja atawaika pamiyendo.

Kanyimbo kanalira nthawi yomweyo.

Anatsegula mbiri, natsikira pansi, nawerenga: "'Mundawo uli kumtunda kwa doko, kuseri kwa mtengo wa mbawa wogawanika pawiri. Amene adzapiteko akamuuze kuti bambo ake sanamuiwale.' Tsamba 84. Onse alipo, Che Masudi. Palibe limene linatayika."

Mkuluyo anatsitsa kapu pansi pang'onopang'ono.

"Apezeka bwanji?"

"Sanasowe. M'bokosimu muli madisiko awiri, yakale ndi yatsopano. Dzulo ndinayatsa yakale dala. Masamba anu anali mu yatsopano, ndipo ndinadziwa, dzulo lomwelo ndinadziwa. Ndinakunamizani." Anapuma. "Ndimaopa kuti mumaliza."

Panja njinga yamoto inadutsa, kenako ina. Che Masudi analoza nkhope kukhoma.

"Mkokomo uja ndinauzindikira, Dona," anatero potsiriza. "Anafa ndi maso, makutu alipo. Ndaumvera chaka chathunthu. Chinthu chatsopano sichingalire ndi mawu a chakale. Nditangoima pakhomo dzulo ndinadziwa kuti mwaubweza nokha." Anasisita ndevu. "Ndipo ndinakondwa. Mulungu andikhululukire, ndinakondwa, n'chifukwa chake sindinafunse."

Dona Palmira anagwira pakamwa.

"Koma za masambazi sindinadziwe. Zimenezo ndinakhulupirira. Mwandipweteka, Dona. Ndamuika m'manda kawiri mwana uja."

"Ndikhululukireni."

Mkuluyo anafufuza pansi ndi dzanja, napeza kapu, namwa tiyi wozizira yense mpaka tangawizi wapansi.

"Thirani wina," anatero. "Makinawo adikire. Sakalamba ndi kudikira."

Masiku otsalawo ankamwa tiyi makina ali chiyakire, poyera, popanda chonamizira. Zinali zokoma, koma zinali ngati kudya mbewu: aliyense ankaona pansi pa thumba. Mayina a adzukulu sachedwa kutha ngakhale utawatchula pang'onopang'ono bwanji. Che Masudi anayesa kukumbukira azakhali ena awiri, Dona Palmira anayesa kufunsa kalembedwe ka dzina lililonse kawiri. Lachinayi la mlungu wotsatira mkuluyo anatchula khanda lobadwa chaka chomwecho, nati, "Basi. Ndi omwewo."

Dona Palmira anasindikiza mabuku anayi, nawamanga ndi zikuto zabuluu. Loweruka m'mawa Ummi anafika, mayi wamtali wa mpango wobiriwira, galimoto yaing'ono ya mnansi wawo ikudikira pamsewu, matiresi atamangidwa padenga.

"Titiya, zikomo kwambiri," anatero Ummi, powatchula ngati azakhali ake, akulandira mabukuwo ndi manja awiri. "Mwatithandiza. Tinkaona ngati mapepala amenewa sadzatha."

"Makina anali ochedwa, mwanangu."

Che Masudi anaima pageti, majekete awiri, ndodo m'manja. Anaika dzanja lamanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono.

"Tsalani bwino, Dona Palmira."

"Pitani bwino, Che Masudi. Kumeneko n'kofunda, mukavule limodzi jeketelo."

Anaseka pang'ono, Ummi n'kuwagwira mkono. Galimoto inanyamuka, fumbi lofiira n'kutsalira m'mwamba kanthawi.

Lolemba chifunga chinali chambiri. Dona Palmira anadzuka nthawi yake, nakoleza mbaula, nafukula mbatata imodzi. Seveni inakwana, pageti panali zii. Anadina batani, kenako F12, nasankha dzina lapansi. Makina anatsokomola n'kuyamba kukukuta.

Mayi wina wachitsikana analowa ndi pepala m'manja, chisoti cha njinga yamoto chili kumutu.

"Bon diya, Dona. Rekerimentu ya malo. Itheka pompano?"

"Makina akudzuka kaye. Khalani pansi, mwanangu. Mumamwa tiyi wa tangawizi?"

"Iii, pepani Dona, njinga ikundidikira. Ndidzatenga masana."

Anasiya pepala patebulo natuluka. Dona Palmira anamwa tiyi wawo, mphindi makumi awiri zonse, akumvetsera kuru-kuru uja. Galasi litayaka sanagwire pepala la mayiyo. Anatsegula mbiri ija n'kutsikira kumapeto. Tsamba 61. Mkazi wanga anandigwira mkono n'kunena kuti. Kamzere kakuda kankaphethira pambuyo pa mawu omalizawo.

Mu disiko imeneyi ngalawa inali isananyamuke, Abacar anali moyo, ndipo Che Masudi anali adakali ndi zambiri zoti adzanene. Dona Palmira anakokera mpando pafupi, naika zala pa mabatani, n'kumadikira.